Swichi Ikazima, Mlandu Uyambire Kukhoma

 Pali mawu amene ambiri a ife tinawamvapo titaima pamzere kubanki, kuchipatala kapena ku ofesi ya boma: "Pepani, netiweki yavuta, mudikire kaye." Munthu wadzuka mbandakucha, walipira minibasi, wasiya ntchito kumunda kapena pamsika, ndipo tsiku lonse likuthera pabenchi. Tikamva mawu amenewa timaganiza za nsanja za mafoni kapena za intaneti yochokera kutsidya kwa nyanja. Komatu kawirikawiri vuto limakhala pafupi kwambiri, m'kabati kopachikidwa pakhoma kuseri kwa chitseko. M'menemo mumakhala kabokosi kachitsulo ka mabowo 8, 24 kapena 48, kokhala ndi timagetsi tobiriwira tophethiraphethira. Kabokosi kameneka dzina lake ndi swichi. Si swichi yoyatsira getsi m'chipinda ayi, koma swichi ya netiweki, mphambano pamene nthambo za makompyuta, maprinta, makamera ndi zida za Wi-Fi zimakumana. Mphambano imeneyi ikatsekeka, nyumba yonse imaima.

Mfundo yanga lero ndi imodzi. Swichi ikazima, ikamangodziyambiranso yokha, kapena ikasiya kudyetsa makamera ake, tisathamangire kuiweruza kuti yafa. Pabwalo la mfumu munthu samulipiritsa mbuzi mboni zisanalankhule, koma m'maofesi mwathu swichi imaweruzidwa m'mphindi ziwiri: yapsa, gulani ina. Yatsopano ija ikabwera amaiika m'kabati momwemo, pasoketi yomweyo, panthambo yomweyo, ndipo pakapita miyezi ingapo nayonso imayamba kudwala nthenda yomwe ija. Ndikufuna ndisonyeze kuti kufufuza kuyenera kuyambira kukhoma, kumene magetsi amalowera, n'kumatsata njira yawo pang'onopang'ono mpaka kukafika m'kati mwa kabokosi, ndiponso kuti amene amasunga thumba la ndalama ayenera kuona magetsi ngati chiwalo cha netiweki, osati nkhani ya anthu ena.

Tiyambe taona ulendo umene magetsi amayenda. Pasoketi ya m'nyumba zathu ku Malawi pamayenera kutuluka ma volt 230, magetsi osinthasintha mbali, amene amapita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi iliyonse. Koma tizipangizo toganiza ta m'kati mwa swichi sitidya magetsi otere. Timafuna magetsi oyenda mbali imodzi, osalala, aang'ono kwambiri, ena ma volt 3.3, ena pafupifupi volt imodzi yokha. Pakati pa khoma ndi tizipangizoti pali chigawo chimene amisiri amachitcha power supply, chomwe ntchito yake ili ngati ya chigayo: chimalandira chimanga chokhala ndi gaga ndi zitsotso, n'kutulutsa ufa woyera. Magetsi asanafike pachigayo chimenechi amadutsa pasoketi, papulagi, pafyuzi, panthambo, ndipo kumene kuli chisamaliro amadutsanso pa UPS, bokosi la mabatire logwirizira magetsi akathima. Tsono taganizani, pa zonsezi n'ziti zimene zimakalamba msanga? Tizipangizo toganiza tija tilibe chozungulira kapena madzi oti aume, ndipo tikakhala pozizira bwino timatha zaka zambiri. Zimene zimatha ndi fani imene imazungulira usana ndi usiku, mabatire, zoteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, ndi timigolo tosunga magetsi totchedwa ma capacitor. Zambiri mwa izi zili panjira ya magetsi. N'chifukwa chake nzeru imati tiyambe kufunsa kumeneko.

Mboni yoyamba ndi imene maso angaone ndi manja angakhudze, ndipo siilira ndalama. Ngati swichi yangoti zii, palibe getsi ndi limodzi lomwe, fani sikumveka, funso loyamba likhale lakuti: kodi pasoketi pali moto? Lumikizanipo chida china chimene mukudziwa kuti n'chamoyo, kapena yezani ndi mita ya amisiri yotchedwa multimeter. Kenako tsegulani pulagi. Mapulagi a mano atatu amene timagwiritsa ntchito kuno, ofanana ndi a ku Britain, amakhala ndi kafyuzi m'kati, ka ma amp 3, 5 kapena 13, ndipo kafyuzi kameneka, kamtengo wochepa, kangathe kugoneka ofesi yonse. Mukapeza kapsa, sinthani ndi kena ka mlingo womwewo, osati kukulunga waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya monga ena amachitira. Kakapsanso nthawi yomweyo, dziwani kuti m'kati muli chimene chikukoka magetsi mopitirira, ndipo lekani pomwepo. Gwiraninso nthambo pamene yalowa kumbuyo kwa swichi. Ikakhala yogwedera, munthu wosesa akangogunda kabati ndi tsache swichi imazima n'kuyakanso. Nunkhizani ekisitenshoni, onani ngati pulasitiki yake yachita chikasu kapena kusungunuka m'mabowo. Zimenezi zikuoneka zazing'ono kwa munthu amene anaphunzira zamakompyuta zaka zinayi, koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Maswichi aang'ono, a mabowo 5 kapena 8, power supply yawo imakhala kunja, ndiyo adaputa yakuda ija. Apa mpamene pamachitika chisokonezo chachikulu, chifukwa maadaputa amafanana maonekedwe ngati mbuzi za khola limodzi pamene m'kati ndi osiyana. Pansi pa swichi ndi pamsana pa adaputa pamalembedwa zinthu zitatu zoyenera kugwirizana: ma volt, ma amp, ndi kajambulidwe kosonyeza mbali imene ili ndi moto pakamwa pa pulagi yozungulira ija. Ma volt ayenera kufanana ndendende. Ma amp a adaputa angathe kuposa amene swichi ikufuna, koma asachepere. Swichi yofuna ma volt 12 ndi ma amp 2 mukaipatsa adaputa ya amp imodzi imayaka bwinobwino m'mawa, koma ntchito ikachuluka imakomoka. Ndipo pali chinyengo china chimene ngakhale amisiri ena chimawapusitsa. Adaputa yotopa mukaiyeza ili yokha, mita imaonetsa ma volt 12 okwanira, koma mukangoisenzetsa katundu ma volt aja amagwa. Munthu wodwala amaoneka wamphamvu atakhala pansi. Mpatseni khasu kuti mudziwe. Choncho adaputa iyesedwe ili pantchito, kapena isinthanitsidwe ndi ina yodziwika bwino ya mlingo womwewo.

Mboni yachiwiri ndi swichi yeniyeniyo, pakuti maswichi akuluakulu amalankhula kwa amene amadziwa kuwafunsa. Amasunga kaundula wa zochitika, log m'chinenero cha amisiri, ndipo amanena nthawi imene atha ali choyaka chiyambireni. Pa maswichi ambiri a Cisco, lamulo lakuti show version limaonetsa nthawi imeneyi pamodzi ndi chifukwa chimene swichi inayambiranso. Ikanena kuti power-on pamene palibe munthu anaizimitsa, yakuuzani kuti magetsi anaithawa, ndipo palibe chifukwa chokhalira usiku wonse mukusanthula mapulogalamu. Koma pali zinthu ziwiri zofunika kukonzeratu zinthu zili bwino. Choyamba, wotchi ya swichi ikhale yolondola, chifukwa mboni yosadziwa tsiku ndi ola siithandiza mlandu. Chachiwiri, kaundula uja azitumizidwa ku kompyuta ina, popeza maswichi ambiri amamusunga pamalo amene amafufutika magetsi akangothima. Mukakhala ndi nthawi zolondola, ziikeni pambali pa zochitika za panyumbapo. Kodi swichi imayambiranso pamene jenereta ikulandira ntchito? Pamene pampu ya madzi yayaka? Pamene makina ojambulira mapepala ayamba kutentha, kapena wina walumikiza ketulo pa ekisitenshoni yomweyo ya kabati? Makina okhala ndi mota kapena chotenthetsera amakoka magetsi ambiri poyamba, ma volt n'kutsika kwa kanthawi kochepa kosaoneka ndi maso, koma kokwanira kugwetsa swichi imene power supply yake yatopa kale.

Tsopano tafika pa mtundu wa vuto umene wafala pamodzi ndi makamera a chitetezo. Maswichi ambiri a masiku ano amatumiza magetsi panthambo yomweyo ya netiweki kukadyetsa makamera, mafoni a padesiki ndi zida za Wi-Fi. Njira imeneyi imatchedwa PoE. Bungwe la IEEE linakhazikitsa muyeso woyamba mu 2003, wolola ma watt 15.4 pabowo limodzi. Mu 2009 unakwera kufika 30, ndipo mu 2018 unafika 60 ndi 90. Chimene ogula ambiri sawerenga n'chakuti swichi ili ndi nkhokwe imodzi yokha ya ma watt imene mabowo onse amatapamo. Kuti mabowo 24 onse alandire ma watt 15.4 pamafunika nkhokwe ya ma watt 370, koma maswichi otsika mtengo ambiri ali ndi theka lake kapena kucheperapo. Tiyerekeze swichi ya ma watt 195 yodyetsa makamera 16. Masana kamera iliyonse ikudya ma watt 7, onse pamodzi 112, ndipo zonse zili bwino. Dzuwa likalowa kamera iliyonse ikuyatsa tinyali take toonera mumdima n'kuyamba kudya ma watt 13, onse pamodzi 208. Nkhokwe yaperewera, ndipo swichi ikuchita zimene anaipangira: ikuzimitsa mabowo ena kuti ena akhale moyo. Kukacha makamera onse abwerera, mmisiri afika 9 koloko, apeza zonse zikuyenda, abwerera kwawo. Apa swichi ilibe mlandu. Cholakwa ndi masamu amene sanachitike pogula. Onjezani apo nthambo zotchipa za aluminiyamu wongokutidwa mkuwa, zimene zimataya magetsi panjira, makamaka zikayandikira malire a mamita 100, ndipo mupeza kamera yakumpanda ikungozimazima pamene yapakhomo ili bwinobwino.

Tsopano tilowe m'kati mwa power supply, kumene kuli mdani amene sachita phokoso, ndiye kutentha. Ma capacitor aja ndi timigolo ta aluminiyamu tokhala ndi timadzi ta mankhwala m'kati, ndipo timadziti timauma pang'onopang'ono. Opanga amalemba moyo wake, ndipo pali lamulo lodziwika bwino pakati pa akatswiri lakuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa capacitor umadulidwa pakati. Tengani yolembedwa maola 2,000 pa madigiri 105. Ikamagwira ntchito pa madigiri 55 ingathe maola 64,000, zaka zoposa zisanu ndi ziwiri. Pa madigiri 65 imatha maola 32,000, zaka zosakwana zinayi. Pa madigiri 75 imatha maola 16,000, osakwana zaka ziwiri. Tsono taganizani za kabati kotsekedwa, pansi pa denga la malata, mwezi wa Okutobala ku Chikwawa kapena ku Nsanje kumene kunja komweko kumafika madigiri 40, fani itatsekeka ndi fumbi la chilimwe chonse, pamwamba pa swichi wina ataunjikapo mafayilo. Swichi imeneyo ikufa tsiku ndi tsiku, ngakhale timagetsi take tikuphethira mosangalatsa.

Chizindikiro cha ma capacitor otopa n'chodziwika. Swichi imagwira ntchito miyezi yambiri osavuta, magetsi athima, ndipo akabwerera iyo siidzukanso, kapena imangolira kaphokoso ka thi thi thi, getsi likuyesa kuyaka n'kuzimanso. Aliyense amati magetsi aiwotcha. Nthawi zina zimakhaladi choncho, koma kawirikawiri kuthimako kwangoulula nthenda yakale, chifukwa kudzuka kumafuna mphamvu zambiri kuposa kupitiriza kuyenda, ndipo capacitor youma imalephera kwambiri ikazizira. Mmisiri akatsegula amapeza timigolo tina titatupa pamutu kapena titatuluka zinthu zofiirira. Dziko linaphunzira kukula kwa vuto limeneli kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamene ma capacitor ambirimbiri opangidwa ndi timadzi tosasakanizidwa bwino analowa m'makompyuta ndi m'zida zina, n'kumafa nthawi isanakwane. Mu 2005 kampani ya Dell inaika padera ndalama pafupifupi madola 300 miliyoni zokonzera makompyuta ake a OptiPlex. Kanthu kochepa ngati chala kanagwedeza kampani yaikulu chotero.

Wina anganene kuti iye alibe nkhawa chifukwa anagula UPS. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mabatire a m'ma UPS ambiri amakhala zaka zitatu mpaka zisanu ngati ali pamalo ozizira bwino, pafupifupi madigiri 25, ndipo kutentha ndi kuthimathima kwa magetsi kumafupikitsa zaka zimenezi kwambiri. UPS ya mabatire akufa imayatsa getsi lake lobiriwira ngati yamoyo, koma magetsi akangophethira imagwa pamodzi ndi zonse zimene yanyamula. Njira yodziwira ndi imodzi: pa nthawi yoikika, ntchito itachepa, zimitsani pasoketi n'kuwerenga mphindi zimene ikugwira. Chimodzimodzi maswichi a ma power supply awiri. Anawapanga choncho kuti imodzi ikafa inzake ipitirize, koma zonse ziwiri zikalumikizidwa pa ekisitenshoni imodzi, chitetezo chija chatha. Ndipo imodzi ikafa mwakachetechete popanda woyang'ana getsi lake lachikasu, ofesi imayenda ndi mwendo umodzi osadziwa. Musaganize kuti zimenezi ndi za maiko osauka okha. Pa 8 Ogasiti 2016, chida chowongolera magetsi chinawonongeka kumalo a makompyuta a kampani ya ndege ya Delta ku Atlanta, m'dziko la America. Kunapezeka kuti makompyuta akuluakulu pafupifupi 300 mwa 7,000 sanali olumikizidwa ku magetsi apadera. Maulendo a ndege pafupifupi 2,300 analephereka m'masiku atatu, ndipo kampaniyo inataya madola pafupifupi 150 miliyoni. Zida zogwirizira zinalipo. Chimene chinasowa ndi munthu wotsata nthambo iliyonse kuti aone kumene yathera.

Palinso adani awiri amene amabwera mwadzidzidzi. Woyamba ndi chiphaliwali cha m'nyengo ya dzinja. Sichifunika kugwa panyumba panu kuti chiwononge. Chikagwa chapafupi, mphamvu yake imalowa m'nthambo iliyonse yamkuwa yoyenda panja. Mukaona kuti mvula itapita mabowo amene afa ndi okhawo opita ku nyumba ina kapena ku kamera ya pamtengo, dziwani kuti mdani analowera kunthambo ya netiweki, osati kusoketi. Mankhwala ake enieni ndi kulumikiza nyumba ziwiri ndi nthambo ya fayiba, imene ndi yagalasi ndipo siinyamula magetsi. Zoteteza zoika pasoketi zimathandiza, koma zimatha mphamvu nthawi iliyonse zikalandira nkhonya, ndipo zambiri zimadalira waya wa earth wolowa pansi bwino kuti zitayireko mphamvuyo. Waya umeneyu ukakhala woduka, wadzimbiri kapena wobedwa, chitetezo chimachepa kwambiri. Mdani wachiwiri ndi kuduka kwa waya wa neutral panyumba yolandira magetsi a mizere itatu. Zikatero, masoketi ena amalandira ma volt ochepa, ena amakwera kulowera ku 400, pamene power supply ya swichi inalembedwa kuti imalandira kuyambira 100 mpaka 240. Mukaona mababu ena akuwala modabwitsa pamene ena akuchita mdima, zimitsani zonse ndipo itanani wamagetsi wovomerezeka. Kugula swichi ina pamenepo n'kuponya nkhuni pamoto.

Ndikudziwa kuti pali otsutsa, ndipo mfundo zawo n'zomveka. Woyamba ndi bwana wa ofesi amene akuti: anthu ali pamzere, ndilibe nthawi yoyeza masoketi, ikani swichi ina ntchito iyambe. Bwana ameneyu akunena zoona pa theka la nkhani. Ngati pali swichi yapadera, iikidwe msanga kuti anthu athandizidwe. Koma kuyeza soketi, fyuzi ndi nthambo kumatenga mphindi zosakwana khumi, ndipo ndiko kumateteza swichi yapaderayo kuti isapse nayonso. Ndiponso mzere ukatha, kufufuza kusathere pomwepo. Swichi yochotsedwayo iyesedwe patebulo, pamagetsi odziwika kuti ndi abwino. Ikayaka n'kukhala tsiku lonse, ndiye kuti nthenda yatsala m'kabati muja, ikudikira yatsopano. Changu chimene chimabweretsa vuto lomwelo kawiri pachaka n'chochedwetsa kuposa kudekha kwa tsiku limodzi.

Wachiwiri akuti: vuto ndi magetsi a dziko lino, ife tingatani? N'zoona kuti magetsi athu ambiri amachokera pamtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo mtsinje ukavuta dziko lonse limamva. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira n'kuchotsa ma megawatt pafupifupi 130, ndipo magetsi anakhala akuthimathima mpaka malowo atakonzedwa mu 2023. Palibe mmisiri wa muofesi amene akanaletsa zimenezo. Koma mfundo imeneyi ikuthandiza mbali yanga. Wokhala m'dambo amamanga nyumba pachulu. Ngati tikudziwa kuti magetsi athu amathima, amabwerera mwamphamvu, ndipo jenereta imalowa ndi kutuluka kangapo pa sabata, ndiye kuti ife tiyenera kusamala za magetsi kuposa anzathu a ku London kapena ku Tokyo, amene zida zambiri zinapangidwa poganizira nyumba zawo. Udindo wa ESCOM umathera pa mita. Kuchokera pamenepo kukafika m'kabati, waya wa earth, soketi, UPS, mpweya ndi fumbi zili m'manja mwa mwini nyumba.

Wachitatu ndi wosunga chuma, amene akuti UPS yabwino, mabatire ndi fayiba n'zodula, ndipo ndalama zakunja n'zosowa. Ndikumumvetsa. Koma ndalama zakunja zomwezo ndi zimene zimagula swichi yachiwiri ndi yachitatu, ndipo pamwamba pake pali mtengo umene sulembedwa m'mabuku a ofesi: tsiku la mayi amene wabwerera osalandira zotsatira za magazi, malonda amene sanachitike, kamera imene inali yozima usiku umene kunabwera akuba. Komanso zambiri zimene ndatchula sizifuna ndalama zakunja. Kupukuta fumbi, kuchotsa mafayilo pamwamba pa swichi, kulemba tsiku logulira pabatire, kuletsa ketulo pasoketi ya kabati, kuwerengetsa ma watt musanawonjezere kamera, zonsezi zimangofuna munthu wopatsidwa udindo ndi kope lolembamo. Chimene ndikupempha kwa osunga chuma n'chakuti pamene akuvomereza kugula swichi, avomerezenso pa pepala lomwelo chitetezo chake ndi mabatire a zaka zikubwerazo.

Wachinayi ndi katswiri mnzathu amene akuti si vuto lililonse la swichi limene ndi la magetsi. Akunena zoona, ndipo ndikanakhala wosakhulupirika ndikanabisa zimenezi. Nthambo imodzi yolowetsedwa mbali zonse ziwiri m'swichi yomweyo ingathe kuzunguza netiweki yonse, timagetsi tonse tikuphethira pamodzi ngati tapenga, magetsi ali bwinobwino. Pulogalamu ya m'kati ingathe kukhala ndi cholakwika chimene chimaiyambitsanso. Mu 2017 kampani ya Cisco inalengeza kuti zida zake zina, kuphatikizapo maswichi ena, zinali ndi kachipangizo kowerengera nthawi kamene kankatha kufa pakapita miyezi pafupifupi 18, chida n'kulephereratu kudzuka, zimene munthu akanaziyesa vuto la power supply. Sindikunena kuti magetsi ndiwo olakwa nthawi zonse. Ndikunena kuti ndiwo oyenera kufunsidwa poyamba, chifukwa kuwafunsa n'kwachangu, n'kotchipa, ndipo yankho lake limakhala lomveka. Mukatsimikiza ndi mita kuti magetsi ndi abwino kuyambira kukhoma mpaka potulukira power supply, mumapita kwina ndi mtima umodzi, ndipo ngati swichi ili pa chitsimikizo cha wogulitsa mumabweza muli ndi umboni m'manja.

Ndisanatseke, chenjezo limene ndikupempha kuti mulimve bwino, makamaka achinyamata amene mukuphunzira ntchitoyi. M'kati mwa power supply muli capacitor yaikulu imene imasunga ma volt oposa 300, ndipo ingathe kuwasunga ngakhale pulagi itazulidwa. Ingathe kupha munthu. Kuyeza soketi, kusintha fyuzi, nthambo, adaputa, kapena power supply yochita kusolola ngati dilowa, zimenezo mungachite mosamala. Koma kutsegula chitsulo chake ndi ntchito ya mmisiri wophunzitsidwa, wodziwa kutaya magetsi otsalira asanagwire. Amisiri otere tili nawo m'matauni mwathu, amene amakonza mawailesi a kanema ndi ma inverter, ndipo ambiri angathe kuukitsa swichi posintha timigolo tingapo. Safunsa anadya phula. Pitani nayo kwa iwo.

Omvera, mawa mukafika kuntchito, pemphani kiyi wa kabati kaja. Tsegulani, ikani dzanja pamwamba pa swichi mumve kutentha kwake, mverani ngati fani ikuzungulira, tsatani nthambo yake ya magetsi ndi chala mpaka kukhoma muone zimene yadutsamo ndi zina zimene zalumikizidwa pamenepo. Funsani kuti mabatire a UPS anasinthidwa liti, ndipo ngati palibe wodziwa, yankho mwalipeza kale. Lembani zimene mwaona ndi tsiku lake, mupachike pepalalo kuseri kwa chitseko. Tsiku limene swichi idzazime, amene adzabwere kudzazenga mlandu adzapeza mboni zilipo, ndipo munthu uja wakhala pabenchi kuyambira m'mawa adzathandizidwa dzuwa lisanapendeke.